Telala Amene Ankachepetsa Thalauza Lake

Panali bambo wina, telala wa zaka 58, munthu wogwira singano tsiku lonse koma woopa jakisoni ngati mwana.

Anayamba kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, thupi n'kumangotha. Mkazi wake anachita kumukokera kuchipatala. Atamuyeza, dokotala anati, "Bambo, muli ndi shuga wa mtundu woyamba. Thupi lanu lasiya kupanga insulini, amene amatsitsa shuga m'magazi. Mapiritsi sangakuthandizeni, muzidzibaya tsiku lililonse."

"Adokotala, ameneyo si wa ana? Inetu ndili ndi zidzukulu."

"Amagwiranso akuluakulu. Mukapanda kubaya, moyo wanu uli pachiswe."

Mawa lake kunabwera mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, amene anakhala ndi shuga wa mtundu wina kwa zaka khumi. "Alamu, shuga ndi shuga basi," anatero. "Ine ndimangomwa timapiritsi, taonani mimbayi. Ndizikugawirani."

Telala anamvera. Mankhwala obaya aja anawatsekera m'dirowa ya makina, pamodzi ndi ulusi. M'mawa uliwonse ankalowa m'chipinda chosokera, n'kutuluka akusisita pamimba ngati wadzibaya.

"Mwabaya, bambo?" mkazi ankafunsa.

"Ndabaya, mayi."

Kuwonda sikunasiye. Koma poti mkuluyu anali katswiri, Loweruka lililonse ankachepetsa thalauza lake m'chiuno kuti lisakhwepe. Mkazi akati, "Koma mukuthatu inu," iye ankayankha, "Ndikutha pati? Thalauza ndi lomwe lija, likundikwana bwinobwino."

Tsiku lina masana kasitomala anamupeza atagwa pafupi ndi makina, atasanza, akupuma movutikira. Kuchipatala anayesetsa, koma anali atachedwa. Anamwalira tsiku lachiwiri osatsegulako maso.

Posankha zovala zomuveka, mkazi wake anatembenuza thalauza lija. Mkati munali misoko isanu yotsatizana, yosokedwa mwaluso. Anathamangira kuchipinda chosokera, n'kufufuza mpaka kutsegula dirowa ija: mankhwala onse ali chitsekere. Apa ndi pamene pamandiwawa ine, chifukwa mayiyu ankafunsa tsiku ndi tsiku. Anangokhala pansi, thalauza lili m'manja.

"Ndinkaona ndi maso angawa," anauza mlongo wake yemwe ankagawa mapiritsi uja, "koma ndinakhulupirira thalauza."

Phunziro: Shuga wa mtundu woyamba safunsa zaka, ndipo mapiritsi a mnzako si ako. Ngati wodwala wanu akuwondabe, musakhutire ndi "ndabaya", khalani pomwepo muone. Tumizirani ena, makamaka amene ali ndi bambo wamakani pakhomo.