Mayeso a Ufa

Masiku ano sapereka ufa wokwanira kwa munthu wosadziwa kumene chakudya chimapita m'thupi. Khomo lililonse amalibwereketsa foni ya maphunziro. Ukakhoza mayeso umalandira thumba lathunthu, foniyo n'kupita khomo lina. Ukalephera amakupatsa theka, uyambirenso kuphunzira.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma mayi wophunzitsa pa kanema wa m'foniyo ndamumvetsera miyezi isanu. Ndikudziwa kuti chinangwa chikakumana ndi malovu chimayamba kusanduka shuga, shugayo amalowa m'magazi, wotsala chiwindi chimasunga. Foniyo ndimaitsamiritsa pa mtondo ndikamadya. Mayiyo sindimukhulupirira, amamwetulira ngati wogulitsa mankhwala pamsika. Komabe chimwalirireni mkazi wanga, m'nyumba muno palibe wina amene amayankhula.

Lachiwiri kunabwera mlangizi, Mayi Nangozo, ndi mafunso awo.

"Bambo Chimbalanga, shuga wotsala amasungidwa kuti m'thupi?"

"M'bondo."

"Aka n'kachitatu mukulephera funso lomweli. Taonani mmene mwaondera. Mukufuna njala ikupheni?"

"Lembani m'bondo, mayi. Bondo ndi langa, ndikulidziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba. Anandisiyira theka la thumba, ndi foni.