Waya wa M'siling'i

Magetsi anathimanso masana, nyemba za Rhoda zitangoyamba kuwira pa sitovu. Mwamuna wake Lameck sanavutike n'kukakweza buleka, swichi yoyatsira magetsi a nyumba yonse. Anangopita kukamenya chitseko cha neba wake Mudenda.

Nyumbayo inali ya mzungu kale, ku Highlands. Ufulu utabwera, kampani ya njanji imene Lameck ankagwirako ntchito inaigawa pakati ndi khoma n'kuikamo mabanja awiri. Banja lililonse linali ndi mita yake, koma buleka yaikulu inali imodzi, pakhonde. Ikagwa, amavutika onse.

Chaka chimenecho cha 1978 Lameck anali ataluza firiji ndi wailesi, zonse zitapsa. M'masitolo a mumsewu wa Mosi-oa-Tunya munalibe ngakhale babu. Chomwe chinamutsalira n'kunyadira ndi sitovu yaikuluyo, imene mlamu wake Aleki anamulumikizira Lameckyo ali paulendo wa sitima ku Kitwe. Kanyali kake kofiira kakayaka, Lameck ankayenda ngati bwana.

Mudenda ankakonza mawailesi pakhonde ndi kachitsulo kowotchera. Kwa Lameck, umboni unali womwewo basi.

"Ba Mudenda, imwe ni kawalala wa malaiti. Mwanishokela vintu vanga vonse."

Mudenda anangokweza buleka n'kutsegula wailesi yake mokweza, ndipo zimenezi zinamuwawa Lameck kuposa kutukwanidwa.

Nkhani inakafika kwa tcheyamani wa chipani cholamula m'dera lawolo. Masiku amenewo tcheyamani akakulemba kuti ndiwe wosokoneza, kampani sinkafunsanso kawiri. Lameck ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anaumirira pamaso pa anthu kuti wopezeka ndi waya wakuba atuluke m'nyumbamo sabata yomweyo. Tcheyamani anavomera. Mudenda anali ndi ana asanu, koma Lameck sizinamukhudze.

"Ba tate ba Lizzie, visiyeni chabe," anatero Rhoda motsitsa mawu. Lameck anamuuza kuti aziona za m'khitchini.

Loweruka tcheyamani anabwera ndi Njekwa, wokonza magetsi. Rhoda anali atateleka nyemba zina, ndipo wailesi ya Mudenda inkaimba mwadala. Njekwa anayamba ndi masoketi, mbali zonse ziwiri, akuzula chinthu chimodzi chimodzi. Sanapeze kanthu. Anatsegula bokosi la buleka n'kulinunkhiza. Kenako anapempha makwerero, nalowa m'siling'i ndi tochi.

Anatsika ali mbuu ndi fumbi. Anati waya ulipodi, wonenepa, wodutsa pamwamba pa khoma logawa nyumbayo. Woulumikizayo anangopota ndi manja n'kukulunga tepi, ndipo tepiyo inali itasungunuka. Mfundo imeneyo ikatentha, mawaya ankakhudzana n'kugwetsa buleka, komanso ndiyo inkasokoneza mphamvu ya magetsi mpaka kuwotcha katundu. Akanachedwa pang'ono, denga lonse likanayaka.

Lameck anavina pomwepo, munthu wamkulu wathunthu. Analoza Mudenda kumaso, namuuza kuti ayambe kufunafuna ngolo yonyamulira mawailesi ake akubawo. Aneba anali atadzaza kumpanda. Mudenda, thukuta lili kamukamu, analumbira kuti chibwerere sanakwerepo m'siling'imo. Tcheyamani anamuuza kuti atseke pakamwa.

Njekwa anayesa kunena kuti sanautsate wayawo mpaka kumapeto, koma Lameck anamudula.

"Jubani iyo waya manje manje, bonse baone ni ndani azakhala mu mudima!"

Njekwa anagwetsa buleka, nakwera, nadula wayawo, natsekera bwino nsonga zake. Atatsika, Lameck anamukankhira pambali kuti akweze buleka yekha, maso ali pa Mudenda.

Wailesi ya Mudenda inayambiranso kuimba mokweza ngati kale. Onse anatembenukira kukhitchini, kumene Rhoda anali ataphimba nkhope ndi chitenje. Kanyali kofiira ka sitovu ya Lameck sikanayake.