Sipuleya pa Damu la ku Msoro

Boyd anagwada m'mphepete mwa damu n'kutsegula sipuleya kuti aitsuke. Fungo la mankhwala a thonje linamukwera m'mphuno.

"Atate ake Cynthia, taimani," ananong'ona Esnati, mkazi wake.

M'mabango munatuluka tsekwe, tiana tisanu tikumulondola pamzere. Kutsidya mbawala inkamwa, akakowa atayera mbuu m'matope.

"Ndi faivi minitsi chabe," anang'ung'udza Boyd. "Damuli tinakumbira madimba athu, osati mbalame."

"Iwo sadziwa zimenezo. Abwera ndi ana."

Boyd anayang'ana tianato kwa kanthawi, kenako anatseka sipuleya. Anatunga madzi m'ndowa ya mkazi wake n'kukwera nayo mtunda kukatsukira kuchulu, akuponda monyang'ama kuti mbawala imalize kumwa.