Botolo la Pansi pa Firiji

Jamu wa mabulosi atazizira, Mwiche ananyamula mabotolo anayi kupita nawo kwa apongozi ake, Ba Chrissie. Pabwalo lawo m'komboni ya Kalingalinga, firiji yaikulu inali yawo yokhayo. Zala zake zinali zikadali zofiira ndi mabulosi, ndipo mimba ya miyezi isanu ndi itatu inkamukoka msana.

Magetsi anali atazima kuyambira dzulo, moti zam'firiji zinali zitayamba kusungunuka. Anasuntha nkhuku kuti apeze malo. Pansi penipeni anakhudza botolo lina, lokulungidwa m'kansalu kakuda.

Atachotsa kansaluko, anaona kuti munalibe jamu. Munali madzi, ndi kapepala komangidwa ulusi kakuyandama. Inki inali itafalikira koma zilembo zinkawerengeka: Mwiche. M'munsi mwake, Novembala, mwezi umene anamuuza ku kiliniki kuti adzabereka.

M'komboni aliyense amadziwa chimene munthu amaikira dzina la mnzake m'madzi oundana: kuti zake ziime.

"Mwapeza malo, ba Mwiche?"

Ba Chrissie anali ataima pakhomo, akupukuta manja pachitenje.

"Ikani chabe pamwamba. Vapansi musagwire."

"Malaiti kulibe, amai," anatero Mwiche. "Vonse vasungunuka."

"Yazabwela," anayankha mofatsa Ba Chrissie, maso ali pamimba pa Mwiche. "Vizagwilanso."

Asanachoke pakhomopo, babu la padenga linayaka, firiji n'kuyamba kulira. Panja ana anakuwa ndi chimwemwe.

Mwiche anagwira pamimba. Mwana amene ankapondaponda kuyambira m'mawa anali atakhala duu.