Bokosi la Malisiti la a Dimaano

Kunali kutatsala masiku atatu kuti 15 Epulo ikwane, tsiku lotsiriza kupereka mafomu a msonkho, ndipo mu ofesi yolembera anthu za msonkho ya Minda Macatangay m'tauni ya Bauan munalibe woyang'ana mnzake. Fani inkangozunguza mpweya wotentha womwewo. Makatoni a makasitomala anali mbwee pansi, moti popita kukamwa madzi munthu ankachita kuwadumpha.

Panja, kuseri kwa chitseko chagalasi, a Teodulo Dimaano anali atakhala pabenchi chipewa chili pamaondo. Anali mdala wa sitolo ya misomali ndi penti kumbuyo kwa msika. Anafika ofesi isanatsegulidwe, ndipo tsopano thu koloko inali itadutsa. Akazi awo anamwalira chaka chatha, ndipo malaya awo ankachita kuonetsa kuti kunyumba kulibenso wowasitira.

Zinthu zinali zitawaipira. A msonkho anali atawalembera kale kawiri kufuna mabuku a sitolo. Akanati achedwenso ulendo uno, chindapusa chake kasitolo kaja sikakanachikwanitsa, kukanangotsala kukhoma loko pachitseko.

Minda anatenga bokosi la nsapato lodzaza malisiti a mdalayo, n'kulikankhira pa desiki ya wantchito wake Nenita.

“Kawapatse katundu wawo. Chaka chino sitiwalembera.”

Nenita anayamba ntchito pamenepo mu Januwale, kuchokera kwawo ku Mindoro, ndipo anali akadali ndi mtima wofewa uja umene ntchito imeneyi imachotsa zisanathe zaka ziwiri. Anaika pansi nthochi yokazinga imene ankadya.

“Achemwali, mukunena zoona? Kwatsalatu masiku atatu.”

“Kalendala ndimatha kuwerenga.”

“Bokosili anabweretsa mu Febuluwale. Bwanji osawauza nthawi yomweyo?”

“Akanapeza wina.”

“Nanga pano apita kuti? Kwa a Ilagan kwadzaza. Mayi Castillo sakulandiranso munthu.”

“Angakhale kusadzaze. Ndinawaimbira onse awiri dzulo, ndawauza kuti mkuluyu salipira.”

Zakusalipirazo zinali zoona. Fayilo ya a Dimaano inali ya zaka khumi ndi ziwiri, koma munalibe paliponse poonetsa kuti anaperekapo kangachepe chifukwa cha ntchito. Ndipo chipezereni makasitomala akuluakulu, malo awiri omwetsera mafuta ndi kampani youmitsa nsomba kumayambiriro kwa chaka, Minda ankataya makasitomala ang'onoang'ono ngati makoko a mtedza. Ndalama zikayamba kubwera zimatero, anthu a dzulo amayamba kununkha.

“Chabwino, ndiwalipirira ine,” anatero Nenita. “Mudule pa malipiro anga. Ndiwalembera ndekha nthawi yopuma.”

“Iwe sisitere wa ku Mindoro, mafayilo makumi atatu akukudikira apo. Ukangolemba nambala imodzi ya m'bokosimo, nawenso unyamule chikwama uwatsatire.”

Mdala uja anaona kuti akunena za iwo. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kugogoda galasi ndi chikhadabo. Kenako anaphatikiza manja ngati ali m'tchalitchi. Minda anatembenuza mpando, n'kuyamba kutaipa. Zinali zochititsa manyazi kuona munthu wa imvi akupempha msana wa mnzake, ndipo panthawi imeneyo Nenita anadana naye bwana wakeyo ndi mtima wonse.

Anavundukula bokosilo dala, Minda akumva, kuti aone kukula kwa ntchitoyo. Munali momwe mumakhalira m'mabokosi a azidala onse: malisiti a penti, a magetsi, a mankhwala a BP, a makandulo a kumanda, zonse phatikizo. Pamwamba penipeni panali limodzi lozunguliridwa ndi inki yofiira ya Minda. Linachokera ku famu yoweta atambala a ndewu. Tambala mmodzi, mapeso 45,000. Pakona pake mdalayo anali atalemba ndi dzanja lake: “Za sitolo. Mlonda.”

Nenita anaphulika kuseka.

“Ndi kameneka basi? Achemwali, palibe mdala amene sayesako zimenezi! Sabata yatha wina uja sanaike keke ya ukwati pa zokonzetsera galimoto? Timangochotsa, n'kupitiriza.”

“Werenga deti.”

“Naini Ogasiti, chaka chatha.”

“M'mawa wa tsiku limenelo adokotala anati impso za akazi awo zasiyiratu, akufunika makina otsuka magazi, ndipo poyambira pakufunika 40,000. Ndalama zanga zinali zitathera kale kuchipatala komweko, galimoto ndi mphete zomwe. Ndinapita kusitolo kuja, ndinagwada pasimenti anthu ogula misomali akuonerera. Mkuluyu anakoka dirowa kundionetsa kuti mulibe kanthu. Analira, Nenita. Ine chitsiru mpaka ndinawapepesa kuti ndawavutitsa. Lisitilo linalembedwa masana ake. Pa sikisitini tinaika maliro.”

Kuseka kuja kunamuthera Nenita. Anayang'ana kapepalako, n'kuyang'ananso kugalasi. Mdala uja anali atabwerera pabenchi, akumwetulira mwaulemu poona kuti bokosi lake latsegulidwa.

“Koma achemwali,” anafunsa motsitsa mawu, “inu kugulitsa galimoto, kukagwada pasimenti chifukwa cha mkazi wa kasitomala?”

Minda sanachotse maso pakompyuta.

“Anali mayi anga,” anatero. “Tseka bokosilo, ukawapatse amuna awo.”