Mng'alu wa M'boti la Apongozi

Mkamwini atamata mng'alu womaliza ndi phula, anaimirira n'kupukuta manja. Boti la apongozi ake, lomwe ankapita nalo kokawedza pongotayitsa nthawi, linali chafufumimba pa matayala awiri kuseri kwa nyumba, penti watsopano ali waliwali.

"Bambo, tabwerani mudzaone. Tsopano simulowanso madzi ngakhale dontho."

Apongoziwo anabwera n'kumayendetsa chala m'mphepete mwa thabwa lililonse. Chitafika chakumbuyo, kumene kumakhala mpando, chalacho chinaima.

"Apanso mwamata?"

"Eya, pamenepo ndiye pamalowera madzi."

Bambowo anangoyang'ana pakhonde, pomwe akazi awo ankaothera dzuwa. Chichitireni khungu, mayiwo sankathanso kuika nyambo ku mbedza, koma Loweruka lililonse ankakwerabe botilo. Ngakhale tsopano chitini chawo chokapira madzi chinali pamiyendo, atachitsuka kale.

"Kodi mwamaliza?" mayiwo anafunsa mokweza. "Mawa tipitetu. Apongozi anuwa popanda ine akhoza kumira, kukapa madzi sadziwa n'komwe."

"Ndikanamira kalekale," amuna awo anavomera.

Mkamwini anayang'ana chitini chija, kenako phula lake lomwe linali lisanaume bwino. Analimata mosamala kwambiri, moti zinamuwawa pang'ono. Komabe anatola msomali pansi, n'kugwada pambali pa boti kuti aboolenso mng'alu wakumbuyo uja.

Apongozi aamuna anawerama n'kumunong'oneza.

"Pang'ono pokha, mwanawe. Asamatope."