Dzina la Malemu Bambo

"Lengezaninso, chonde!" mayi wina anakoka mkono wa mlonda wa padepoti ya mabasi. Mwana wake wa zaka zinayi anali atasowa pamene iye ankakangana ndi kondakitala za katundu.

"Ndalengeza kale za mwana wa malaya ofiira, koma ana otero ali mbwee muno. Dzina lake ndani?"

"Tidzaonana."

"Dzina la munthu limenelo? Zaka khumi ndili pano, sindinalimvepo."

"N'chifukwa chake muitane! Palibe wina angayankhe."

Mlonda anakuwa katatu pachimkuzamawu. Basi iliyonse ikamatuluka, mayiyo ankaithamangira n'kumasuzumira m'mawindo, nsapato imodzi itavuka kale, mawu atasasa.

Kenako kuseri kwa maofesi kunatulukira mkulu wina wosoka nsapato, amene padepotipo onse ankangomutchula kuti Madala. Anali atagwira mwanayo padzanja. Mayiyo anamutsomphola mwana wake n'kumukumbatira, uku akulira, uku akumukalipira.

"Ndamva akuitana dzina langa," anatero mkuluyo. "Ndiye kamwana aka, kamene ndakatola kakulira, nakonso kakuti akuitana iko. Chibadwire sindinakumanepo ndi mnzanga wa dzina. Inu munalitenga kuti?"

"Ndi la malemu bambo anga," mayiyo anayankha akupukuta misozi. "Anamwalira ine ndisanabadwe."

Mkuluyo anamuyang'ana mayiyo kumaso nthawi yaitali.

"Anakuuzani choncho amayi anu?"